Mmene Tinawakhazikira Pansi Abambo

Mtakataka,
9 Malichi 1955

Okondedwa achimwene a Nasoni,

Landirani moni kuchokera kwa ine mlongo wanu Bernadeta. Kaya muli bwanji ku Bulawayoko pamodzi ndi alamu anga a Ethel? Kuno tilipo, kungoti udzudzu chaka chino wachita kunyanya. Nsalu ija munanena pa Khirisimasi ndikuidikirabe, musayese ndaiwala.

Koma chimene ndagwirira pensulo si nsalu ayi, ndi abambo. Mukudziwa kuti anapuma pantchito yawo yoyendera njanji chaka chitangoyamba. Tonse tinati zikomo Ambuye, nkhalamba ikhaleko pansi, zaka zonsezi kumangoyenda ndi hamala paphewa kugogoda zitsulo. Kukhala pansi kwake kuti! Tambala akangolira iwo adzuka kale, avala majombo awo aja, ulendo. Amatsata m'mbali mwa njanji mpaka kumlatho wa chaku Golomoti, n'kubwerera. Satenga kanthu, sabwerako ndi kanthu. Akafika, thukuta lili kamukamu, amamwa madzi n'kunyamula khasu. Ndikafunsa kuti, "Kodi abambo, kumlathoko munasiyako chiyani?" amangoseka, ati, "Ndimakaona ngati ulipobe."

Zosekazo pano zatha. Sabata yatha a Mwanjuma, amayi aja ogulitsa nsomba, analawirira kunyanja, ndiye anakumana ndi abambo kusanayere bwino, pafupi ndi msitu wa manda paja njanji imakhota. Anaponya dengu pansi n'kuthawa akukuwa. Pofika masana mudzi wonse unali utamva kuti a Chakufwa amachokera kumanda mbandakucha, ndipo dzina la anthu ochokera kumanda nthawi imeneyo mukulidziwa, sindililemba. Ena akuti si zimenezo, mutu chabe wazungulira, chifukwa munthu walungalunga sayenda ulendo wopanda kopita. Koma amene akundipweteka kwambiri ndi amene akuti, "Mwana wawo ali pantchito yabwino ku Bulawayo, koma taonani, akungozunzika ndi khasu ngati sanabereke."

Ndikafika kuchitsime anthu amangoti zii. Zandikwana, achimwene. Ndalankhula ndi abambo mpaka kukamwa kuuma, koma ine sandimvera, amandiona ngati kamwana kaja ankakanyamula paphewa. Inu ndiye mukanena chinthu amachisunga ngati chanenedwa paguwa. Alembereni, muwauze asiye.

Ndine mlongo wanu,
Bernadeta

Bulawayo,
3 Epulo 1955

Okondedwa abambo,

Ndikupereka moni ndi ulemu wonse, ine mwana wanu Nasoni, pamodzi ndi mpongozi wanu. Ife tili bwino, ntchito ya ukalaliki ikuyenda. Tikufuna kumva za moyo wanu.

Abambo, ndalemba ndi mtima wolemera. Lamulungu lapitali tinali pamsonkhano wa bungwe lathu la maliro la anthu a ku Nyasalande. Munthu wina wa ku Golomoti, amene wangofika kumene, atamva dzina langa anafunsa pagulu kuti, "Kodi ndinu mwana wa mdala uja amayenda kusanache kumanda?" Anthu anaseka. Ine amene ndimalemba zokambirana za bungwelo ndinasowa poyang'ana.

Mwagwira ntchito moyo wanu wonse. Mwapuma, ndiye pumani. Kuno bambo wa bwana wanga, mzungu wokalamba, ndikapititsa mapepala kunyumba kwawo ndimamupeza ali phee pakhonde ndi nyuzipepala, tiyi akuchita kumubweretsera. Nanga inu munalakwa chiyani kuti musakhale chomwecho, mwana muli naye? Ndatumiza mpando wa ndalema ndi mnzanga amene akubwera kutchuthi, autsitsa pa siteshoni. Za kumunda ndauza Bernadeta kuti apeze aganyu, zonse ndiona ine.

Mundikhululukire kuti mwana akulamula kholo, koma ndikukupemphani motere: musayendenso kunjanji, musagwirenso khasu, musapite kutali ndi khonde lanu, kufikira ine mwini wake nditanena. Anthu aone kuti a Chakufwa anabereka. Mundilonjeze zimenezi, abambo, kuti nanenso ndiziyenda mutu uli m'mwamba.

Ndine mwana wanu womvera,
Nasoni

Mtakataka,
8 Meyi 1955

Mwana wanga Nasoni,

Moni. Ine ndili bwino, mlongo wako ali bwino ndi ana. Umupatse moni mpongozi wanga.

Mpando wafika. Ndi wabwino ndithu, kungoti munthu akalowamo, pofuna kutulukamo afunika kuitana anthu.

Wati ndipume. Mawu amenewa ndawatembenuzatembenuza. Kupuma kumene ndimakudziwa ine ndi kwa mpweya, kulowa m'chifuwa ndi kutuluka. Kumeneko ndimakuchita bwino ndikamayenda. Ndikafika kumlatho chifuwa chimatseguka, mutu umapepuka. Ndimatchula maina a anzanga onse amene tinagwira nawo ntchito, amoyo ndi akufa, osaphonya ndi mmodzi yemwe. Ndi malemu mayi ako ndimachezanso nawo mumtima m'njiramo popanda wondidula mawu. Izi usauze munthu, angawonjezere pa nkhani yawo ija. Tsiku limene sindinayende, tulo sitibwera.

Za ufitizo sindikuziwerengera. Mwanjuma amaopa ndi chitsa chomwe. Koma zoti anthu anakuseka pagulu, kuchilendo kumene ulibe wokuikira kumbuyo, zimenezo zandilasa. Sindinakutumize kusukulu ku Mua kuti ukazyolike chifukwa cha miyendo yanga.

Ndasiya. Ndalonjeza, ndipo iwe ukundidziwa, ine ndikalonjeza ndalonjeza. Ugwire ntchito mtima uli pansi.

Ndine bambo wako,
Chakufwa

Mtakataka,
18 Sepitembala 1955

Achimwene,

Moni kwa nonse. Nsalu inafika, ndasoketsa kale, ndipo Lamulungu lapitali amayi a kutchalitchi makosi anachita kuwapweteka n'kucheuka. Muwauze a Ethel kuti maso osankhira ali nawo. Mukapeza wobwera kuno mutumizeko sopo.

Nkhani yabwino ndi yakuti mankhwala anu agwira. Abambo sanapondenso kunjanji. Poyamba ankadzukabe tambala akalira, n'kukhala pakhomo majombo ali m'manja, osavala, kumangowayang'ana. Ine poopa kuti angayesedwe ndinawatenga majombowo n'kuwabisa m'nkhokwe. Sanafunse. Khasu nalo ndinabwereketsa. Kumunda aganyu ayamba kusosa, ngakhale kagwiridwe kawo n'koti abambo akanauona akanawathamangitsa onse.

Mukanawaona pa ndalema paja! Anenepa, achimwene, masaya atuluka, mimba ngati mwini sitolo. Kunenepako kwafika mpaka kumapazi. Odutsa amaima n'kuvula chipewa, "Wawa a Chakufwa." A Mwanjuma omwe aja anabwera ndi chambo chonona, ati, "Walahi, ine ndinangodzidzimuka chabe, pakamwa pa anthu ndi pamene panakulitsa." Tsopano mudzi wonse ukuti abambo anabereka mwana wodziwa kusamala. Kuchitsime ndimatunga ndikuseka.

Kungoti salankhulalankhula masiku ano, ndipo masana amangosinza. Tsiku lina anandiitana dzina la malemu amayi, ine n'kuseka, iwonso n'kuseka. Sitima ikalira amatembenukira kukhoma. Ukalamba basi, tonse tikupita komweko.

Mlongo wanu,
Bernadeta

Mtakataka,
12 Febuluwale 1956

Achimwene,

Moni ndikupatsani wochepa chifukwa mtima suli m'malo. Abambo akudwala.

Lachiwiri anagwa popita kuchimbudzi, pabwalo pomwepa, ndipo analephera kudzuka. Munthu uja ankapita kumlatho n'kubwerako dzuwa lisanatenthe, tinachita kumunyamula ngati thumba. Tinawakweza pangolo m'matope monsemo mpaka kuchipatala ku Mua.

Asisitere amene anawaona anadina mwendo ndi chala, ndipo chala chitachoka dzenje linatsala pomwepo. Chimene ine ndinkakulemberani monyadira kuti ndi kunenepa, akuti ndi madzi. Anandifunsa kuti, "Munthu uyu ankagwira ntchito yanji?" Ndinawauza. "Nanga atapuma?" Ndinati ankayendabe tsiku ndi tsiku, koma anasiya. "Anasiya bwanji? Anavulala?" Abambo ndi amene anayankha, ati, "Iyayi, Amayi. Ana anga amandikonda." Sananene monyoza, achimwene, ananena ndi mtima wonse. Bola akanangondimenya mbama.

Asisitere apereka mapiritsi, koma akuti mankhwala aakulu sali m'botolo. Akuti thupi limene lazolowera kuyenda likakhazikidwa pansi mwadzidzidzi, mtima umafooka, miyendo imauma, mutu nawo umatsatira. Akuti aziyenda pang'onopang'ono m'mawa uliwonse, wina atawagwira, lero pafupi, mawa patsogolo pang'ono. Tikapanda kutero, akuti ndalemayo sadzatulukamonso.

Titangofika kunyumba ndinathamangira kunkhokwe. Majombo aja makoswe anawadya, ndipo ngakhale akanakhala abwino, mapazi sakanalowa. Ndinati palibe kanthu, tiyende opanda nsapato. Abambo anakana. Ati, "Ndinalonjeza Nasoni. Anati kufikira iye mwini wake atanena." Ndinagwada, ndinalira, ndinati ndikaitane abambo mfumu a ku Mua adzakumasuleni. Ati, "Si abambo mfumu amene ndinawalonjeza."

Ndiye chingwe chili m'manja mwanu. Sindikupempha sopo kapena china chilichonse. Lembani mawu ochepa chabe, akuti abambo dzukani muziyenda, mulembe ndi dzanja lanu kuti alizindikire. Chonde fulumirani.

Bernadeta

Bulawayo,
11 Malichi 1956

Mlongo wanga Bernadeta,

Moni kwa iwe ndi ana. Tamva za matenda a abambo ndipo tadandaula kwambiri. Ethel wapereka dzina lawo kwa amayi a mapemphero.

Ndatumiza botolo la mafuta a nsomba, amene kuno madokotala amawatama kwambiri pa zolimbitsa thupi, ndi bulangeti lochindikala. Uziwapatsa supuni imodzi m'mawa.

Za kuyendazo tisapupulume. Asisitere ndi anthu abwino, koma za pamudzi sazidziwa. Munthu wodwala amagona, sayendetsedwa m'matope. Anthu akaona ukukoka nkhalamba yotupa miyendo panjira adzati chiyani? Ndiponso iwe umakonda kukulitsa zinthu, chaka chatha unali iwe wemwe wolira kuti akuyenda. Tidikire mvula ithe, kenaka tidzaona.

Mlongo wako,
Nasoni

Mtakataka,
15 Epulo 1956

A Nasoni,

Moni mudzipatse nokha.

Mafuta a nsomba! Ife okhala m'mphepete mwa nyanja, amene mphaka yemwe nsomba zinamukola, inu n'kutitumizira mafuta a nsomba kuchokera ku Bulawayo? Ndinapempha mawu, mwatumiza botolo. Bulangeti ndawafunditsa, ndiye mwawathandiza kukhazikika bwinobwino.

Mvula yatha, bwerani muone tsono. Abambo sakuthanso kufika kuchimbudzi. Dzulo mwana wanga Natalia, amene iwo anamutcha dzina, anawabweretsera madzi, iwo n'kufunsa kuti, "Kodi mwana waulemuyu ndi wa kwa yani?" Mwanayo anakalira kuseri kwa nyumba. Maina a anzawo aja ankawatchula ngati akupemphera korona, ndikawafunsa amangondiyang'ana. Chimodzi chokha ndi chimene sanaiwale. Ndikangowagwira mkono kuti tiimirire, amati, "Nasoni sananene."

Mwati ndinali ine wolira kuti akuyenda. Zoona, ndinali ine. Ndine ndinayamba ndi pensulo yanga yomweyi, chifukwa choti amayi anandikhalira chete kuchitsime. Ndine ndinabisa majombo. Chimenecho chimandidya tsiku lililonse ndikamawasambitsa mapazi aja, ndipo sindikusowa wondikumbutsa. Koma ine ndinamanga mfundo imodzi, inu munamanga inzake, ndipo yanuyo ine sindingaimasule. Mukufunsa kuti anthu adzati chiyani. Anthuwo pano akudutsa osavulanso chipewa, akuti a Chakufwa atha.

Ngati dzanja lanu likulemera kulemba kuti munalakwa, musalembe zimenezo. Lembani kuti yendani, basi.

Bernadeta

Bulawayo,
20 Meyi 1956

Bernadeta mlongo wanga,

Moni, ngati ungaulandire. Kalata yako yaukali inakhala m'thumba la jekete masabata angapo. Sindinama kuti inachedwa panjira.

Ya Febuluwale ija ndinaimva bwinobwino. Ndinadziwa chimene ukupempha. Koma kulemba kuti yendani kunali kuvomera kuti amene wawadwalitsa abambo ndine, ndiye ndinathawira kusitolo ya mankhwala. Ethel anandiuza pamaso kuti botolo limenelo ndagulira mtima wanga, osati abambo. Ndinamukalipira.

Lamulungu lapitali ndinalawirira kukaona mnzanga wodwala kunja kwa tauni. Panjira ya kudamu, kutali ndithu ndi nyumba za azungu, ndinakumana ndi nkhalamba ija ndinawauza abambo kuti atengereko chitsanzo, bambo wa bwana wanga. Kabudula, ndodo m'manja, galu patsogolo, thukuta lili chuchuchu. Ndinafunsa wantchito wawo tsiku lotsatira, ati amatero m'mawa uliwonse chipumire pantchito. Ine ndinkafika kwawoko masana, iye atabwerako kale, n'kumaona munthu wokhala pakhonde. Ndinaona mpando wokha, Bernadeta. Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu ngati woledzera.

Uwawerengere abambo mawu ali m'munsiwa, uwaonetse kuti dzanja ndi langa.

Abambo, ndine Nasoni. Ndinalakwa. Lonjezo lija ndalimasula. Dzukani muziyenda, mupite kunjanji, mupite kumlatho, mupite kulikonse kumene miyendo ikufuna, nthawi iliyonse. Amene akufuna kuseka aseke. Manyazi amene ndili nawo lero ndi akuti ndinakukhazikani pansi. Mundikhululukire, abambo.

Ndapempha tchuthi, koma akuti mpaka Okutobala. Undilembere msanga mmene ayankhire.

Nasoni

Mtakataka,
17 Juni 1956

Achimwene,

Moni ndaulandira, nanunso landirani wanga. Kukwiya kwandithera, kwatsala kutopa.

Kalata inafika Lachisanu. Ndinakhala pamphasa pafupi ndi ndalema n'kuwaonetsa dzanja lanu. Analisisita pepalalo n'kumwetulira, ati, "Nasoni." Ndinawerenga pang'onopang'ono, mokweza. Nditamaliza anagwedeza mutu, ati, "Umuuze asadandaule, ndakhala." Ndinati ayi abambo, akuti muziyenda, wakumasulani. Ati, "Eya, ndamva. Umuuze ndakhala." Ndinabwereza mpaka mawu anandithera. Akangomva dzina lanu, chimene chimadzuka m'mutu mwawo ndi kalata yoyamba ija. Yatsopanoyi ikusowa polowera.

Dzulo m'mawa ndinawakhazika pakhonde kuti awothere dzuwa, kukuzizira masiku ano. Sitima ya katundu inalira chakumlatho, ndipo ndinaona mapazi awo akugwedezeka pansi pa bulangeti. Sindinatchule dzina lanu. Ndinangoti, "Abambo, sitima ija yadutsa, tiyeni tikaone." A Mwanjuma anali akudutsa ndi dengu lawo, ndipo nditawakodola anatula osafunsa kanthu. Iwo mkono uwu, ine mkono uwu, tinawadzutsa.

Anayenda, achimwene. Kukoka mapazi, kupuma mwabefu, thupi lonse lili pamapewa athu, koma anayenda. Tinadutsa nkhokwe, tinatuluka pampanda, mpaka pa mtengo wa bwemba paja njanji imaonekera. Anaima n'kuyang'ana zitsulo zija zikunyezimira, chifuwa chikukwera ndi kutsika, ndipo nkhope inayera ngati munthu amene wasukusula. Anatembenuka n'kuti, "Zikomo, Mwanjuma." Mayi uja analira ngati pamaliro. Inenso ananditchula dzina langa lenileni, limene ndinali nditaleka kulimva pakamwa pawo.

Kenaka anandifinya mkono, anayang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza. Ati, "Bernadeta, tibwerere anthu asanatione. Ndipo zimenezi usakamulembere Nasoni. Mwana uja ali yekha kuchilendo, angachite manyazi."

Ndinawalonjeza kuti sindilemba, ndi izi ndalemba. Mawa tidzayesanso, mozemba momwemo, ngati akuba. Pepala sakulimvanso, achimwene, ndipo Okutobala ndi kutali. Bwerani mudzawagwire mkono nokha, mudzawauze ndi pakamwa panu, adakali okudziwani.

Ndine mlongo wanu,
Bernadeta